Musanakumbe maziko m'tauni, tiuzeni podzera anthu

M'mwezi wa October 2024, bungwe la penshoni la NAPSA linauza onse ocita malonda mu Society Business Park, pa Cairo Road mu Lusaka, kuti atulukemo. Mainjiniya anali atapeza kuti mbali zina za cimangoco sizinali zolimba mokwanira kusungiramo anthu. Masitolo anatsekedwa, hotela ya Hilton Garden Inn inatsekedwa, ndipo anchito ambiri anadzuka m'mawa alibe kopita. Nyumbayi inali isanakwanitse n'komwe zaka khumi citsegulireni, ndipo inadya ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni. Kutsekako kunali koyenera, pakuti kulira malonda kuli bwino kusiyana ndi kulira maliro. Koma nkhaniyi iyenera kutitsegula maso pa za mmene timalandirira mapulani a zimango zazikulu m'kati mwa tauni, ndi mmene timawayankhira anthu amene amafunsa mafunso maziko asanakumbidwe.

Mapulani otere sadzatha. Lero ndi sitolo yaikulu, mawa ndi msika wosanja, mkuja ndi hotela kapena maofesi. Onse amayamba ndi cithunzi cokongola: nyumba ya magalasi, mitengo yobiriwira, mamotoka atatu okha pamseu, ndi anthu asanu ovala bwino akuyenda mosatekeseka. Pacithunzipo palibe minibasi, palibe wilibala, palibe mai wobereka mwana atasenza dengu la tomato, ndipo mvula siigwa. Anthu amene amaudziwa mseuwo akaona cithunzi amafunsa mafunso omwe aja a masiku onse: mamotoka onsewa adzadzera kuti, adzaima pati, nanga moto ukabuka tidzathawira kuti? Yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti iwo ndi adani a citukuko, ndi kuti walira mvula walira matope. Mwambiwo ndi woona. Koma mwambi sunanene kuti wolira mvula akhale wina, woponda matope akhalenso wina. Ife tikuti mafunso amenewa ndiwo pulani yeniyeni, ndipo cimango cimene sicinawayankhe sicinakonzeke kumangidwa, cithunzi cake cikongole cotani.

Tiyambe taona mmene tauni ya Lusaka inakhalira. Malo ano anayamba monga poima sitima pamene njanji inafika mu 1905, ndipo masitolo oyamba anandandalika m'mbali mwa njanjiyo. Pamene boma la atsamunda linaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, linaitana katswiri wa ku Britain, Profesa Stanley Adshead, amene analemba pulani yake mu 1931, ndipo likulu linasamuka mu 1935. Maofesi a boma anamangidwa kumtunda, kum'mawa kwa njanji, koma malonda anatsala pamene anayambira. Ndiye cifukwa cake mpaka lero cimene timati "m'tauni" ndi kadera kopapatiza: Cairo Road, wosafika n'komwe makilomita awiri kucokera pa Kabwe Roundabout kufika pa Kafue Roundabout, ndipo kumbuyo kwake Chachacha Road, Freedom Way ndi Lumumba Road. Kum'mawa kwachingidwa ndi njanji, ndipo njira zikuluzikulu zooloka njanjiyo ndi zitatu: Great East Road, Church Road ndi Independence Avenue. M'kadera kameneka ndimo mumakumana miseu yocokera ku Chipata, ku Kabwe ndi ku Migodi, ku Livingstone ndi ku Chirundu, ku Mumbwa ndi ku Mongu. Ndimonso muli masitesheni a minibasi a Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Miseu inai ija ndi yomwe ija.

Tsono munthu akati amange nyumba yosanja kasanu kapena kakhumi pamalo pamene panali masitolo ang'onoang'ono anai, asaganize kuti akumanga pa pulote yake yokha. Akuonjezera maulendo pamseu wa anthu onse. Anchito amafika m'mawa ndi kuweruka madzulo, pa maola omwe aja amene mseu uli wodzaza kale. Ogula amalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Malole obweretsa katundu amafuna pokhota ndi potsitsira, a zinyalala nawonso amafuna polowera. Ndipo cimene ambiri saciganizira ndi cipata. Cimango cingakhale ndi malo oimika mamotoka mazanamazana, koma ngati cipata cake ndi cimodzi, cotulukira pamseu waukulu, ndipo mlonda amaimitsa motoka iliyonse kuti apereke kakhadi, mnzere umayambira pacipatapo n'kutayikira pamseu. Woyendetsa mmodzi wofuna kukhotera kumanja, kudutsa pamaso pa mamotoka obwera, amaimitsa onse a kumbuyo kwake. Wa minibasi, poona kuti pali anthu, amaima pomwepo kutsitsa ndi kukweza. Pakangopita mphindi zocepa mpanipani wafika pa maloboti, ndipo wodwala amene ali mu ambulansi kupita ku UTH akulipira mtengo wa cipata cimene sanafunsidwepo maganizo.

Onjezanipo zaka ziwiri kapena zitatu za kumanga, pamene malata ochinga amadya njira ya oyenda pansi, mcenga ndi miyala zimatsitsidwa pamseu, ndipo anthu amakankhidwira pakati pa mamotoka. Zimenezi siziikidwa pacithunzi.

Ena adzati vuto la mpanipani linatha ndi maulalo a pamwamba. N'zoona kuti pakati pa 2018 ndi 2021 boma linacita nchito yaikulu yocepetsa mpanipani mu Lusaka, ya madola 289 miliyoni, yomangidwa ndi kampani ya ku India ya Afcons, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linali ngongole yocokera ku banki ya Exim ya ku India. Miseu inakuzidwa, ndipo maulalo anamangidwa ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Amene amayenda njira zimenezo amayamikira, ndipo ifenso sitikana. Koma taonani pamene pali maulalo onse anai: ali kunja kwa tauni. Nchito yawo ndi kufikitsa motoka msanga pakhomo la kadera kopapatiza kaja, ndipo pakhomopo sipanakule. Madzi ukawakuzira ngalande kumtunda, osakuza kumunsi, amasefukira kumunsiko. Tisaiwalenso kuti kafukufuku amene anacitika pokonza pulani ya mzinda ya 2009, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, anaonetsa kuti maulendo oposa theka mu Lusaka amayendedwa wapansi, otsatira ndi a minibasi, ndipo a motoka yakeyake ndiwo ocepa pa onse. Ngongole ija tikubweza tonse, koma ulalo umanyamula ocepawo.

Nkhani ya poimika mamotoka ndiyo imene anthu amakangana kwambiri, ndipo ndiyonso imene ambiri amaimva molakwika. Tiwerengere pamodzi. Motoka imodzi ikaima imafuna malo pafupifupi mamita awiri ndi theka m'lifupi ndi mamita asanu m'litali. Mukaphatikiza njira yolowera, yokhotera ndi yotulukira, motoka iliyonse imadya pafupifupi masikweya mita 25. Ndiye kuti mamotoka 400 amafuna hekitala yathunthu, malo oposa bwalo la mpira. Pamalo a motoka imodzi pakhoza kukhala amai angapo ogulitsa ndiwo, aliyense wodyetsa banja. M'tauni mulibe hekitala yongokhala. Womanga akadziwa zimenezi amayesedwa kucita cimodzi mwa ziwiri: kulemba papulani malo ambiri kuti alandire cilolezo, kenaka n'kusandutsa ena mwa malowo masitolo pamene nyumba yatha, kapena kumanga malo ocepa n'kusiya kuti mseu wa khonsolo usenze zotsalazo. Njira zonse ziwiri zimathera pamodzimodzi: mamotoka pa njira ya oyenda pansi, pangodya, pakhomo la sitolo ya mnzake, ndi anyamata olonda mamotoka akulozera aliyense kulikonse kumene kwaoneka mpata.

Koma tinenenso cimene eni mamotoka sakonda kumva. Kuculukitsa malo oimikapo si mankhwala. Mukamanga nsanjika zisanu za mamotoka okhaokha, mwaitana mamotoka onsewo kuti abwere, ndipo onse adzadzera pa njira zitatu zija zooloka njanji ndi pa maraundabauti awiri aja. Ndiponso munthu akaona kuti m'kati amalipiritsa pa ola, pamene panja akhoza kupatsa mnyamata kandalama kakang'ono n'kuima tsiku lonse, amasankha panja, ndipo nsanjika zija zimakhala zopanda kanthu mseu uli wotsekeka. Conco funso loyenera si lakuti malo ndi angati cabe. Tifunse kuti ndi a yani. Kodi pali potsitsira katundu m'kati mwa mpanda, kuti lole isaime pamseu? Kodi pali poima minibasi ndi takisi kunja kwa mnzere woyenda? Kodi pali malo a olumala pafupi ndi khomo, monga mmene lamulo la anthu olumala la 2012 limafunira kuti nyumba za anthu onse zikhale zofikirika? Nanga woyendetsa wilibala, amene ndiye amasenza katundu wambiri pakati pa Soweto ndi masitesheni, adzadzera pati? Pulani imene yawerenga mamotoka a mabwana okha, n'kuiwala amene amabweretsa ndi kunyamula malonda, yawerenga theka.

Pali cinthu cina cimene cimatiwawa pankhaniyi. Ogulitsa m'miseu ya m'tauni acotsedwapo kangapo: mu 1999, mu January 2018 panthawi ya kolera pamene asilikali anathandiza kuyeretsa tauni, ndiponso mu July 2023. Zifukwa zake zinali zomveka: ukhondo, ndi kuti njira ya oyenda pansi ikhale ya oyenda pansi. Ife sitikutsutsa. Koma ngati mai wogulitsa nthoci acotsedwa cifukwa akutseka njira, ndiye kuti motoka yoima pamalo omwewo ikutsekanso njira, ndipo ikutseka malo aakulu kuposa dengu. Khonsolo imamanga mawilo a mamotoka oima molakwika, inde, koma tsiku lina imamanga, tsiku lina siimanga. Lamulo likakhala laukali kwa dengu koma laulemu kwa motoka, anthu amaona, ndipo n'cifukwa cake sakhulupirira akauzidwa kuti cimango catsopano cidzabweretsa dongosolo.

Amene amati mamotoka adzaikidwa pansi pa nthaka ayeneranso kufunsidwa bwino. Lusaka inakhala pacidikha ca mwala wa laimu, ndipo nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. Ndico cifukwa Kanyama, Misisi ndi madera ena amasefukira, ndipo aliyense amene anakwerapo basi pa Kulima Tower mvula itagwa amadziwa kuti ngakhale m'tauni madzi amasowa kolowera. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi thandizo la boma la America, koma ngalande zazing'ono zopititsa madzi kumeneko zimatsekeka ndi mapulasitiki. Dzenje lalikulu loimikamo mamotoka limafuna mapampu, mapampu amafuna malaiti, ndipo caka ca 2024 cinatiphunzitsa kuti malaiti akhoza kusowa maola ambiri patsiku. Ndiponso denga lalikulu ndi bwalo la simenti sizimwa madzi. Mvula yonse yogwa pamenepo imathamangira kwa oyandikana nawo. Womanga anene poyera kumene adzawapititsa.

Tibwere ku citetezo. Malo omwe aja a Society Business Park ali ndi mbiri ya moto: nyumba yakale ya Society House inapsa mu 1997, ndipo inakhala cigoba pakati pa tauni kwa zaka zoposa khumi nchito yoikonzanso isanayambe. Pa 4 July 2017, m'bandakuca, City Market inapsa, ndipo amalonda oposa 1,000 anataya katundu wawo. Caka comweco dziko linakangana pa za mamotoka 42 ozimitsira moto amene anagulidwa pa madola 42 miliyoni. Mkanganowo unali wa mtengo, koma pali funso lina limene silinafunsidwe mokwanira: motoka yozimitsira moto, ikhale yodula cotani, idzafika bwanji pamoto ngati Freedom Way kapena Chachacha Road yadzaza mbali zonse ziwiri? Ikafika, idzatunga kuti madzi ngati mpopi wa ozimitsa moto unakwiriridwa ndi simenti kapena ndi wouma? Apa m'pamene timaona kuti nkhani ya mpanipani, ya poimika mamotoka ndi ya citetezo ndi nkhani imodzi. Motoka yoimikidwa pangodya masana ndi yomwe idzachinga ozimitsa moto. Ndipo m'kati mwa nyumbamo, makomo othawirapo amene anajambulidwa papulani kawirikawiri amapezeka okhomedwa ndi loko poopa akuba, kapena aunjikidwa makatoni. Cakudza siciimba ng'oma. Munthu wa pa nsanjika yacisanu ndi citatu alibe zenera lodumphira.

Za kulimba kwa cimango, phunziro la October 2024 ndi lakuti dzina lalikulu si umboni. Nyumba ija inali ndi eni odziwika, hotela ya dzina lomveka dziko lonse lapansi, ndi ndalama za penshoni, zimene wanchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake mwezi ndi mwezi ndipo womulemba nchito amaonjezapo 5 ina. Ngati nyumba yotere inafika potsekedwa, nanga zija zimene timaziona zikukwera nsanjika ina pamwamba pa masitolo akale a m'ma 1960, ndani anapima maziko ake? Dziko lili ndi mabungwe a nchito imeneyi: khonsolo imavomereza mapulani ndi kuyendera pomanga, National Council for Construction imalembetsa makontilakita, ndipo Engineering Institution of Zambia imayang'anira mainjiniya. Cimene cikusowa ndi cakuti anthu wamba saona mapepala awo. Pacikwangwani ca pomanga payenera kuoneka dzina la injiniya amene wasaina, nambala ya cilolezo, ndi ofesi kumene munthu angakaone malipoti a oyendera. Wosaina akadziwa kuti dzina lake lili pamseu, dzanja lake limayamba kulemera.

Ngozi imene imapha anthu ambiri, komabe, si moto kapena kugwa kwa nyumba. Ndi mseu. Apolisi analengeza kuti anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamseu m'dziko muno mu 2021, ndipo cimodzimodzinso mu 2022. Gulu lalikulu pa akufawo ndi oyenda pansi, ndipo cigawo ca Lusaka ndico cimatsogola pa kuculuka kwa ngozi. Ife amene timapezeka pamaliro m'makomboni timadziwa kuti nambala zimenezi zili ndi maina, ndi ana osiyidwa. Cimango cacikulu cimakoka anthu kuti aoloke mseu pamalo pamene kale sankaolokapo. Ngati sitesheni ili tsidya lino ndipo khomo la sitolo lili tsidya linalo, anthu adzaoloka molunjika, kaya muike mpanda wa waya kapena ulalo wa masitepe makumi anai patali. Agogo, amai apakati ndi osenza katundu sakwera masitepe amenewo. Cimene cimapulumutsa moyo ndi cosadula: poolokera pokwezeka pamalo pamene anthu amaolokera kale, kacilumba pakati pa mseu, nyali zoyaka usiku, ndi liwiro locepa, pakuti munthu wogundidwa ndi motoka yoyenda makilomita 30 pa ola kawirikawiri amapulumuka, pamene pa 60 ambiri sadzukanso. Ndalama za zimenezi ndi kadontho poyerekeza ndi mtengo wa nyumba yosanja, ndipo ziyenera kulembedwa m'cilolezo monga udindo wa womanga, zimalizidwe sitolo isanatsegulidwe. Zolonjezedwa kuti zidzacitika pambuyo pake timazidziwa mathero ake.

Tisakhale ngati osamva mbali inayo. Omanga ali ndi mfundo. Tauni imene siimangidwa imafa. Kucokera pamene Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Arcades mu 2003 ndi Levy mu 2011, masitolo ndi maofesi ambiri anasamukira kum'mawa kwa njanji, ndipo nyumba zina za pa Cairo Road zinayamba kutha ngati nsalu yakale. Acinyamata athu akufuna nchito, khonsolo ikufuna msonkho wokonzera ngalande zomwezo zimene tikudandaula, ndipo kumanga m'mwamba pakati pa tauni, pamene minibasi zonse zimafika, kuli bwino kuposa kumwaza masitolo kutali kumene wopanda motoka sangafike. Tivomerenso kuti si wodandaula aliyense amene ali ndi mtima woyera. Wina amati akuopa mpanipani pamene akuopa mpikisano pa malonda ake. Wina wa kumayadi amati akuopa ngozi pamene cimene sakufuna ndi kuona minibasi ndi anthu a m'komboni pafupi ndi mpanda wake. Madandaulo otere ayenera kupetedwa ngati mphale, gaga apite. Koma kupeta kumafuna kuti uyambe walandira m'licero. Sungapete cimene wakana kumva.

Apa pakubuka funso limene khonsolo iyenera kuliganizira: kodi eni dera la m'tauni ndani? Anthu ogona pa Cairo Road ndi owerengeka. Mukati mufunse okhala pafupi okha, mudzafunsa eni nyumba ocepa ndi alonda a usiku. Koma m'tauni mumakhala anthu zikwizikwi kuyambira m'bandakuca kufikira mdima: ocokera ku Kanyama, Chibolya, John Laing, Misisi, Chawama ndi Matero, ambiri a iwo wapansi. Amenewa ndiwo amadziwa ngodya imene madzi amaima, ola limene malole amatseka Lumumba Road, ndi malo amene munthu saayenda yekha dzuwa likalowa cifukwa khoma lalitali lopanda khomo kapena zenera labisa acifwamba. Woyendetsa minibasi amene wazungulira tauni zaka khumi ndi zisanu akhoza kuuza injiniya pamene cipata cidzavuta asanayatse n'komwe kompyuta yake. Msonkhano wofunsa maganizo ukacitikira m'hotela, pa 10 koloko m'mawa pakati pa sabata, m'Cingerezi cokhacokha, anthu amenewa safikako, ndipo lipoti limalembedwa kuti palibe anatsutsa.

Malamulo oti anthu amvedwe alipo, ndipo ndi abwino kuposa mmene timawagwiritsira nchito. Lamulo la mapulani a mizinda ndi madera la 2015, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Town and Country Planning, limafuna kuti anthu atengeko mbali pokonza mapulani a dera lawo, ndi kuti womanga kapena wosintha nchito ya malo ayambe wapempha cilolezo. Lamulo la zacilengedwe la 2011 limapatsa bungwe la ZEMA mphamvu yofuna kafukufuku wa zotsatira za nchito zikuluzikulu, ndi kuitana anthu kuti apereke ndemanga. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'mawadi. Ndipo kuyambira pamene lamulo la ufulu wopeza uthenga linasainidwa mu December 2023, nzika ili ndi poimira popempha mapepala ku ofesi ya boma. Vuto ndi lakuti zidziwitso zoitana madandaulo zimatuluka m'manyuzipepala m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, m'Cingerezi, zochula nambala ya pulote m'malo mwa dzina la mseu, ndipo masiku oyankhira ndi owerengeka. Ndani pakati pathu amadziwa nambala ya pulote ya sitolo imene amaguliramo sopo? Sicingakhale covuta kuti cidziwitso comweco cilembedwenso m'Cinyanja, cinene mseu ndi ngodya, cikhomedwe pamalo omangapo ndi pa sitesheni yapafupi, ndipo cilengezedwe pa wailesi.

Pamene tikuyembekezera zimenezo, tisakhale manja lende. Safunsa anadya phula. Mukaona malata akuzungulira pulote, kapena mukamva kuti masitolo a pamzere wanu agulidwa, pitani ku Civic Centre mukafunse pulani, ndipo pitani angapo, ndi wa komiti ya msika, wa bungwe la oyendetsa basi ndi khansala wanu. Kudandaula kwa pakamwa kumauluka ndi mphepo. Lembani kalata, isainidwe, ndipo musunge kope lodindidwa. Musalembe kuti simukufuna cimango, cifukwa kalata yotere imaikidwa pansi pa mulu. Lembani zimene mumaona: kuti pakati pa 7 ndi 8 koloko m'mawa mnzere umafika pakuti, kuti ana a sukulu amaolokera pakuti, kuti mvula ya January imaima masiku angati pangodya yakuti. Ngati mungathe, imani pamalopo masiku atatu ndi kabuku, muwerenge mamotoka ndi anthu odutsa pa ola limodzi. Ndiyeno funsani kuti akuonetseni kafukufuku wa womanga wa kayendedwe ka mamotoka, muone tsiku ndi ola limene iye anawerenga. Akakhala kuti anawerenga Lamlungu masana, kapena sukulu zili pachuthi, pemphani kuti awerengenso Lacisanu la kumapeto kwa mwezi, inu muli pomwepo.